ZILEMBO ZAKUDA M'BOKOSI LA ATATE



Mwezi uno ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga, pakuti katekisiti amene amaphunzitsa ena za kulapa ayenera kuyambira pa iye mwini. Atate anga pomwalira adandisiyira bokosi lathabwa. Ndidalikankhira kunsi kwa bedi, pa simenti ya ming'alu, ndipo lidakhala pamenepo zaka zambiri osatsekulidwa. Mvula itatha chaka chino, mayi a kunyumba adati tisese chipinda chonse. Titalikoka bokosilo, thabwa lapansi lidatsalira pomwepo. Chiswe chidali chitamanga mudzi m'katimo. Makalata, zithunzi ndi khadi la ubatizo wa atate zonse zidali zitasanduka dothi. Chidapulumuka chinthu chimodzi chokha: kope la chikuto cholimba, lodyedwa m'mbali koma lowerengeka pakati.

Atate adachoka kwawo kufupi ndi Chipata m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Livingstone. Masiku amenewo Misa inkachitika m'Chilatini, ndipo iwo adali mmodzi mwa anyamata otumikira ku guwa. Kabuku ka mayankho kadali kamodzi, anyamata ambiri. Tsono iwo ankabwereka kabukuko madzulo, nakopera mawu onse m'kope lawo pa kuwala kwa koloboyi. Pa tsamba loyamba adajambula mutu ndi zilembo zazikulu, zakuda bii, zokhala ndi ngodya zakuthwa, potsanzira zimene adaona m'buku lalikulu la wansembe.

Mdzukulu wanga wa giredi 6 atasuzumira pa tsambalo adafunsa kuti, "Agogo, kodi izi ndi zilembo kapena ndi mpanda wa bango?" Ndidaseka, koma yankho lokwanira ndidalibe. Safunsa adadya phula. Ndidapita kukafufuza, ndipo zimene ndidapeza ndafuna kugawana nanu.

Zilembo zimenezi akatswiri amazitcha Gothic. Zidafala ku Ulaya kuyambira cha m'ma 1150 mpaka cha m'ma 1500, nthawi imene mabuku ambiri a Eklezia ankalembedwa pamanja: Baibulo, buku la Misa, buku la masalimo ndi mabuku a mapemphero. Mawu ake adali a Chilatini, ndipo Baibulo lake lidali lija adamasulira Jerome Woyera, amene Papa Damasus adamupatsa ntchitoyo m'chaka cha 382 ndipo adaitsiriza ku Bethlehem cha m'ma 405.

Poyamba alembi ankalemba zilembo zozungulira ndi zotalikirana, zimene zidakhazikika m'nthawi ya mfumu Charlemagne cha m'ma 800. Koma mizinda itakula, ndipo masukulu aakulu atabadwa ku Paris, Bologna ndi Oxford, ofuna mabuku adachuluka kuposa kale. Cholembapo chidali chodula kwambiri. Motero alembi adayamba kupanikiza zilembo, kuziwongola ndi kuzithyola m'ngodya, kuti mawu ambiri alowe pa tsamba limodzi. Tsamba lotere ukaliyang'ana patali limaoneka ngati choluka, n'chifukwa chake mtundu wake wapamwamba umatchedwa textura, mawu a Chilatini onena za kuluka. Mdzukulu wanga sadaphonye kwenikweni: timizere take timaima mothithikana ngati bango la m'mphasa. Dzina loti Gothic lidabwera pambuyo pake, ndipo lidali lonyoza. Anthu ophunzira a ku Italy a zaka za m'ma 1400 adaliona kalembedweka ngati kachikunja ndi kosatukuka.

Tiyeni tikhale pang'ono pambali pa mlembi, tione ntchito yake. Asanalembe liwu ndi limodzi lomwe, pankafunika chikopa cha mwana wa ng'ombe, cha nkhosa kapena cha mbuzi. Chikopacho ankachiviika m'madzi a njereza masiku angapo kuti ubweya usosoke, kenaka nkuchikunga pa chimango, kuchipala ndi mpeni wokhota mpaka chitapyapyala, ndi kuchikwecha ndi mwala kuti chisalale. Chikauma ankachidula, nachipinda kukhala masamba. Buku lalikulu linkadya khola lathunthu. Amene mudawetapo ng'ombe mukudziwa tanthauzo la zimenezi.

Cholembera chidali nthenga ya tsekwe, yosongoledwa mopingasa kunsonga. Kusongola kumeneku ndiko kunkabala mzere wonenepa potsika ndi mzere wowonda popingasa. Inki ankapanga kuchokera ku tizotupa timene timamera pa mtengo wa oak mavu ang'onoang'ono akaikirapo mazira. Ankatisinja, kutiviika, nkusakaniza ndi mchere wa chitsulo ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe, umene unkachokera kuno ku Africa ndi ku maiko a kum'mawa. Utoto wobiriwira ngati thambo, umene kawirikawiri ankapakira chovala cha Amayi Maria, unkachokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa ku Afghanistan. Mlembi ankagwira nthenga kudzanja lamanja, mpeni kudzanja lamanzere: mpeniwo wosongolera, wopanikizira chikopa, ndi wopalira pamene walakwitsa. Kumaliza Baibulo limodzi kunkamutengera chaka kapena kuposerapo. Ena mwa alembiwa adali amonke, ena adali masisitere, ndipo pofika zaka za m'ma 1200 ambiri adali akhristu wamba amene ankadyera ntchitoyo. Kumapeto kwa buku ena ankadandaula za kuzizira, za msana ndi maso, napempha owerenga kuti awapempherere.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga ife a ku Maramba, a ku Libuyu ndi a ku Dambwa zikutikhudza bwanji?" Zikutikhudza tsiku lililonse, kungoti sitidziwa. Mukatsekula Baibulo nkunena kuti Yohane mutu 3, mukugwiritsa ntchito magawo amene adafala ndi mabuku a nthawi imeneyo. Ambiri amati adawakonza ndi Stephen Langton, mphunzitsi wa ku Paris amene adamwalira m'chaka cha 1228 ali Arkiepiskopi wa Canterbury. Manambala a mavesi adabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1550. Mukaona mawu ofiira m'buku la Misa, ouza wansembe nthawi yogwada ndi yotambasula manja, dziwani kuti mwambo umenewo ndi wa alembi aja, amene ankalemba malangizo ndi inki yofiira kuti asasokonezeke ndi mawu a pemphero. Zilembo zitatu za IHS zimene amayi athu amapeta pa nsalu ya pa guwa ndi chidule cha dzina la Yesu m'Chigiriki. Alembi ankafupikitsa motero maina oyera, naika kamzere pamwamba. Ngakhale kadontho ka pa chilembo cha i kadachokera komweko. M'mawu ngati minimum, timizere tofanana tinkandandalikana kotero kuti wowerenga sankadziwa pamene m wathera ndi pamene n wayambira. Alembi adayamba kuika kachizindikiro pamwamba pa i, ndipo patapita nthawi kadasanduka kadontho kamene mwana wa giredi 1 amakalipiridwa akakaiwala.

Pali chinanso chimene chidandisangalatsa. Kuyambira cha m'ma 1230, makamaka ku Paris, alembi adayamba kupanga Mabaibulo aang'ono, a chikopa chopyapyala kwambiri ndi tizilembo tating'ono, oti munthu nkuika m'thumba. Amene ankawafuna koposa adali alaliki oyendayenda a chipani cha Francis Woyera ndi cha Dominic Woyera. Tsono ana a Francis yemweyo, Abambo a Chikapuchini ochokera ku Ireland, ndiwo adafika kuno ku Livingstone m'chaka cha 1931. Bambo Killian Flynn adaikidwa kutsogolera dera lino m'chaka cha 1936, ndipo Ambuye Timothy Phelim O'Shea ndiwo adakhala episkopi woyamba wa dayosizi yathu itakhazikitsidwa mu 1959. Iwowa adabwera ndi mabuku osindikizidwa pa makina, monganso Ajezuiti amene adafika ku Zambezi m'chaka cha 1880. Koma mawu a m'mabukumo adawafika kudzera m'manja mwa alembi a zaka mazana ambiri. Ngakhale Johannes Gutenberg, posindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455, adaumba zilembo zake zachitsulo motsanzira textura, kuti bukulo lioneke ngati lolembedwa pamanja.

Mabuku enieni a nthawi imeneyo sali ku Ulaya kokha. Ku Cape Town, m'nyumba yaikulu ya mabuku ya dziko la South Africa, muli mabuku olembedwa pamanja oposa 100 a zaka zakale zija, ambiri a Chilatini. Adawapereka m'chaka cha 1861 ndi Sir George Grey, bwanamkubwa wa ku Cape, yemwe ankalemberana makalata ndi David Livingstone. Ndipo tisaganize kuti luso lotere lidali la azungu okha. Akhristu a ku Ethiopia akhala akulemba Malembo Oyera pa zikopa m'chiyankhulo cha Ge'ez kuyambira kale kwambiri, zilembo za Gothic zisanabadwe.

Komabe tinene zoona zonse. Mabuku okongolawa ankawerengedwa ndi anthu ochepa. Mlimi ndi mayi wa pamudzi sankatha kugula buku, ndipo ngakhale akadaligwira sakadamva Chilatini. Atate anga omwe ankayankha Misa yonse pamtima, koma adandiuza okha kuti mawu ambiri tanthauzo lake sankalidziwa. N'chifukwa chake tiyenera kuthokoza Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene pa 4 December 1963 udatsekula khomo loti ziyankhulo za anthu zilowe m'chipembedzo. Lero muno m'tauni timapemphera m'Chitonga, m'Chilozi, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Ife olankhula Chinyanja tili ndi Buku Lopatulika la 1922, Malembo Oyera a 1966 ndi Buku Loyera la 1998. Achinyamata ali nalo Baibulo lonse m'foni.

Apa ndiye pali funso limene landisowetsa tulo. Amene adalibe buku adagona mochedwa kulikopera. Ife amene tili nalo m'chiyankhulo chathu, pa mtengo wosafika ngakhale wa mbuzi imodzi, timalitsekula kangati? Ndimayenda m'makomo pokonzekeretsa mabanja za ubatizo wa ana. Ndikapempha Baibulo, ena amakalitenga pamwamba pa kabati, nayamba alipukuta fumbi. Ndikapempha khadi la ubatizo la kholo, amayang'anizana. Tsiku lomanga ukwati likayandikira, mpamene amayamba kuthamangira ku ofesi ya parishi, ndipo chimene chimawapulumutsa ndi kaundula amene wansembe kapena katekisiti wina adalemba pamanja zaka makumi angapo zapitazo. Sindikuloza chala munthu. Ine amene ndikulemba ndidadyetsa chiswe khadi la atate anga, ndipo madzi akatayika saoleka.

M'chaka cha 1224, pa phiri la La Verna, Francis Woyera adalembera mnzake Leo dalitso pa kachikopa kakang'ono. Zilembo zake sizidali za katswiri. Leo adakapinda, nayenda nako pa thupi pake mpaka imfa, ndipo lero kakusungidwa ku Assisi. Kadafika kwa ife chifukwa munthu mmodzi adakaona kuti n'kamtengo wapatali. Ku Livingstone Museum, imene idayamba m'chaka cha 1934, alendo ochokera kutali amaima kuwerenga makalata olembedwa ndi dzanja la David Livingstone. Nanga makalata a agogo athu, makope a nyimbo a makwaya oyamba, ndi mabuku a misonkhano ya miphakati adzawasunga ndani ngati si ife?

Tsono ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, sabata ino tsekulani bokosi lija. Chimene mwapeza muchiike m'chitini kapena m'bokosi lachitsulo, pamalo okwera ndi ouma, kutali ndi khoma la chinyezi. Tsamba long'ambika musalimate ndi selotepi, chifukwa imaderetsa pepala nkulionongeratu. Pemphani mwana alijambule ndi foni tsamba ndi tsamba, ndipo mulembe papepala lina dzina la mwini wake, mudzi wake ndi zaka zake, akadalipo okumbukira. Chachiwiri, ngati m'nyumba mwanu muli kope kapena buku lokhudza mbiri ya mpingo wanu, kawonetseni Bambo Mfumu kapena akuluakulu a parishi, kuti lisathere m'moto pa tsiku losesa. Chachitatu, gulani kope limodzi la banja. Loweruka lililonse madzulo, mmodzi akopere pamanja Mthenga Wabwino wa Lamulungu, ena akumvetsera, ndipo alembe dzina lake ndi tsiku kumapeto. Dzanja limayenda pang'onopang'ono kuposa diso, ndipo mawu amene wawalemba wekha sachoka msanga mumtima.

Kwathu tayamba kale. Mdzukulu uja ndiye adatenga tsamba loyamba. Adalakwitsa kawiri, nafuna kuling'amba, koma ndidamuuza kuti alembi akale nawonso ankalakwitsa, nakonza m'mphepete, ntchito nkupitirira. Pamutu pa tsambalo adayesa kujambula zilembo za mpanda wa bango, akuyang'ana m'kope la agogo a bambo ake. Zidapotoka ndithu, koma zikuwerengeka.

Muwakumbukire atate anga m'mapemphero anu, pamodzi ndi alembi onse amene maina awo adaiwalika. Mulungu adalitse mabanja anu. Tidzachezanso mwezi wamawa.