FONI SI SIGINALA, ABALE ANGA A PANYANJA

Inu a chilimira kuyambira ku Mlowe, kuno ku Chitimba mpaka ku Chilumba. Uthengawu ndi wautali koma werengani mpaka kumapeto.

Sabata yatha bwana wina anandibweretsera injini kuti ndione mapulagi, koma chimene chimawawawa chinali china. Akuti mnyamata wawo anasunga malo a chirundu pa GPS ya mufoni masana. Atapita usiku, kadontho kaja kamangodumphadumpha, mwina apa, mwina apo. Anazungulira mpaka petulo kutsala pang'ono, utaka osauona. Bwanawo amafuna kumuchotsa ntchito poganiza kuti wagulitsa chirunducho kwa boti lina. Ndinawauza kuti bwana, dikirani kaye.

Foni imalakwa pa zifukwa zambiri, koma pali chimodzi chimene ambiri sitichidziwa. Masetilaiti a GPS ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba. Uthenga wake usanafike mufoni yako, umadutsa mu mpweya wa kumwamba kwambiri wotchedwa ionosphere, umene dzuwa limaudzaza mphamvu ya magetsi masana. Dzuwa likalowa, m'madera oyandikira ikweta mpweyawu umavunduka, mumapangika mathovu akuluakulu okhala ndi magetsi ochepa. Uthenga ukadutsa m'menemo umagwedera ngati nyali ya bwato ukamaiona patali pa mafunde. Ndiye foni imatha kukunamiza ndi mamita angapo, nthawi zina makumi, kapena kutaya setilaiti kumene.

Izi si nthano za pa bawo ayi. Kuyambira 2008 mpaka 2015 setilaiti ya ku America yotchedwa C/NOFS imazungulira pafupi ndi ikweta kuyeza zomwezi. Mu November 2013 bungwe la ku Ulaya la ESA linaponya masetilaiti atatu otchedwa Swarm, amene amadutsa mu mpweyawu n'kumayeza mathovuwa. Zimene akatswiri apeza n'zakuti amayamba dzuwa likangolowa mpaka cha pakati pa usiku, ndipo chigawo chathu chino cha Africa amachuluka cha mu March ndi April, komanso September ndi October. Amakulanso dzuwa likafika pachimake pa ukali wake, zimene zimachitika pafupifupi zaka 11 zilizonse. A NASA analengeza mu October 2024 kuti tafika pachimakepo. Mu May chaka chomwecho, mphepo ya dzuwa inasokoneza mathirakitala oyendera GPS ku America, alimi ena mpaka kuleka kudzala.

Kumene zimavuta kwambiri ndi monga ku Kenya ndi ku Uganda. Ife tili chakumphepete, koma zaka zimene dzuwa lakwiya mathovuwa amafika kutali. Tsopano taganizani: nthawi imeneyo ya madzulo mpaka pakati pa usiku, si ndiyo yomwe ife timakankha mabwato kupita ku usipa?

Maganizo anga ndi awa. Sindikunena kuti titaye foni, ine ndemwe ndimaigwiritsa ntchito. Koma achinyamata anzanga tayamba ulesi. Bambo anga amapeza chirundu poyang'ana phiri la Chombe n'kulifananiza ndi chizindikiro china kumtunda, usiku n'kumawerenga magetsi a ku Khondowe. Amadziwa mwera ukubwera pongomva m'mene bwato likugwedezekera. Lero mnyamata wazaka 20 ukamulanda foni pakati pa nyanja sadziwa kuti kwawo n'kuti. Kusochera chirundu n'kutaya petulo basi. Koma mwera ukakupeza mumdima, foni ikunama kapena batire latha, umataya moyo.

Ndiye eni maboti, musathamangire kunena kuti mwana waba kapena walodzedwa. Kadontho kakayamba kuvina, zimitsani injini, dikirani pang'ono, yang'anani kumtunda. Asiginala akuluakulu, chonde tengani anyamatawa muwaphunzitse zizindikiro mukadali ndi mphamvu, musapite nazo kumanda. Ndipo inu anyamata, malo alionse amene mwasunga mufoni, muwasungenso m'mutu ndi zizindikiro ziwiri za kumtunda.

Mnyamata uja sanachotsedwe ntchito. Anabwerera masana ndi mkulu wina wodziwa nyanja, chirundu n'kuchipeza pomwe chinali kale.

Tumizani kwa aliyense amene ali ndi m'bale panyanja.