NSOMBA SI YA OKUSHONI: ZA KU CANADA ZITITSEGULE MASO

Anyamata a kugombe, werengani mpaka kumapeto kenako muzinditsutsa.

Ku Canada, m'chigawo cha British Columbia, kuli nsomba yotchedwa salmon. Imabadwira mumtsinje, n'kukakulira m'nyanja yamchere, ikakhwima imabwerera kumtsinje womwewo kukaikira mazira. Mu 1999 boma la kumeneko linalemba ndondomeko ya kagawidwe ka nsombayi. Choyamba, kusiya zoti ziswane. Chachiwiri, eni nthaka, amene amawatcha First Nations, apeze ndiwo ndi nsomba za miyambo yawo. Mpaka apa palibe angatsutse.

Chachitatu ndiye pali nkhani. Salmon yomwe amagawana ndi ya mitundu isanu. Pa chinook, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse, ndi pa coho, anati oyamba kutapa akhale owedza mongosangalala, aja ambedza ndi kamera. Msodzi wogulitsa adikire kumbuyo. Pomupukuta misozi anamupatsa magawo 95 pa 100 a sockeye, pink ndi chum.

95 ikumveka yambiri eti? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu 2009 akatswiri ankayembekezera sockeye pafupifupi 10 miliyoni mumtsinje wa Fraser, koma zinabwera zosakwana 2 miliyoni. Mu June 2021 nduna Bernadette Jordan inatseka pafupifupi magawo 60 pa 100 a usodzi wogulitsa salmon. Ndiye 95 yakoyo ndi ya chani ngati ukonde uli pamtunda?

Mbali inayo ili ndi mfundo yake, sindibisa. Amati nsomba imodzi yogwidwa ndi mlendo imabweretsa ndalama zambiri kuposa yogwidwa mu ukonde: walipira loji, wagula mafuta, wachita hayala boti, walipira womuperekeza. Ine ndimakonza mainjini a maboti, ndipo injini ya bwana imalipira bwino kuposa ya msodzi, zimenezo n'zoona. Koma amwene, ngati muyeso ndi woti ndani walipira zambiri, basi nsomba yasanduka ya okushoni, ndipo pa okushoni wosauka sawina. Mlendo nsomba ikasowa amasintha tchuthi, chaka chamawa apita kukaona nyama. Msodzi apita kuti? Ngongole ya injini, fizi ya mwana, alovi ake, zonse zili pa nsomba yomweyo.

China n'chakuti nsomba za wogulitsa zimawerengedwa akakocheza. Za ambedza zambiri amachita kufunsa anthu n'kuyerekeza. Ndipo zija amati tagwira n'kubwezera m'madzi, zina zimakafa ndi mabala komanso kutopa. Woyezedwa pasikelo ndi amene amayamba kudulidwa.

Mu 2018 khoti lalikulu la British Columbia linaona mlandu wa a Ahousaht ndi mitundu ina inayi ya pachilumba cha Vancouver. Linagamula kuti kuika owedza mongosangalala patsogolo kukuphwanya ufulu wa mitunduyi wogwira ndi kugulitsa nsomba. Sanapambane ndi kudandaula pabawo ayi. Anagwirizana, n'kulimbikira m'makhoti zaka zoposa khumi.

Mukuti zikutikhudza bwanji ife? Mpasa wathu azungu amamutcha lake salmon, chifukwa nayenso amakwera mitsinje kukaswana, monga Bua amene amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota. Ndipo mpasa wachepa, tonse tikudziwa. Nsomba ikachepa m'pamene kugawana kumayamba, ndipo amene wabwera ndi mapepala ndi manambala ndiye amamvedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine mzere wanga ndi uwu: poyamba nsomba iswane, kenako wodya, kenako wogulitsa kuti ana adye, wosewera pamapeto. Mlendo abwere, awedze, tilandire ndalama yake, koma asakhale patsogolo pa mphika wa mwini mudzi.

Koma tisanamizane magaye. Amene akutchinga mtsinje nthawi yomwe mpasa ukukwera, ndi amene akukoka neti ya udzudzu mphepete, akupereka yekha umboni woti msodzi wamba sangasunge nsomba. Umboni umenewo ndi umene adzatichotsere pamzere. Siyani zimenezo. Kukakhala msonkhano wa BVC pitani, khalani kutsogolo, funsani kuti akugawa ndani ndipo akuwerenga bwanji.

Tumizani kumagulupu onse a kugombe.