Kusamutsa SSD si chifukwa chofufutira zonse

Pali mawu omwe afala pakati pa eni malaputopu ndi ena okonza makompyuta m'matauni mwathu. Akuti ukachotsa SSD m'kompyuta ina n'kuiika mu inzake, palibe kuchitira mwina koma kuifomata ndi kuikamo Windows yatsopano. Mwini wake amavomera, ndipo zithunzi za ukwati, zolemba za kusukulu ndi kaundula wa malonda zimapita m'kanthawi kochepa. Ife tikuti mawuwa ndi akale, ndipo lero akungotayitsa anthu zinthu zawo.

Pomwe adachokera tikupadziwa. M'masiku a Windows XP ndi Windows 7, disiki ikalowa m'makina achilendo, kawirikawiri sikirini inkasanduka yabuluu n'kulemba 0x0000007B, chifukwa Windows inkasowa diraiva yowerengera disikiyo pa motherboard yatsopano. Kuchokera pa Windows 8 ya 2012, makamaka Windows 10 ya 2015, zinthu zidasintha. Windows ikayaka m'makina ena imayamba yafufuza zida zomwe yapezamo, imaika madiraiva ake, imazima n'kuyakanso, kenaka imatseguka mafayilo onse ali momwemo. Linux monga Ubuntu ndiye imasamuka mosavuta kwambiri, poti madiraiva ambiri amakhala kale mu kernel.

Nthawi zina Windows imakanadi kuyaka, koma chokanitsa chimakhala chodziwika. Choyamba ndi mtundu wa SSD. Ilipo ya SATA ya mainchesi 2.5, ilipo ya M.2 ya SATA, iliponso ya M.2 ya NVMe, ndipo si malo onse a M.2 omwe amalandira mitundu iwiriyi. Apa ngakhale mutafomata sipasintha kanthu. Chachiwiri ndi njira yoyatsira. Windows yoikidwa pa disiki ya MBR imayaka ndi Legacy BIOS, ya pa GPT imafuna UEFI. Mungasinthe zimenezi mu BIOS, kapena kutembenuza disiki ndi MBR2GPT, kapulogalamu komwe kali mu Windows 10 kuyambira 2017 ndipo sikafufuta mafayilo. Chachitatu ndi AHCI ndi RAID, njira zowerengera disiki zosankhidwa mu BIOS. Ngati makina akale anali pa AHCI, atsopano ali pa RAID kapena Intel RST, sikirini yabuluu ija imabweranso, ndipo kawirikawiri kubwezera pa AHCI kumathetsa nkhani.

Zoyenera kuopa zenizeni ndi ziwiri, ndipo olimbikitsa kufomata sazitchula kawirikawiri. Choyamba ndi BitLocker, yomwe imatseka disiki ndi kiyi yosungidwa mu TPM, kachipangizo ka chitetezo ka makina akale. M'makina atsopano idzakufunsani kiyi ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft. Popanda kiyiyo kapena makina akalewo palibe katswiri amene angatsegule mafayilo anu. Malaputopu ambiri amatseka disiki okha mwini wake osadziwa, choncho pezani kiyiyo kapena imitsani BitLocker musanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe.

Chinacho ndi layisensi. Windows yobwera ndi laputopu kuchokera ku fakitale imamangidwa ku motherboard yake, sitsagana ndi disiki. M'makina atsopano ingathe kunena kuti siinatsimikizidwe. Kuikanso Windows sikubweretsa layisensi yomwe palibe. Ngati makina atsopanowo ali ndi layisensi yawo ya mtundu womwewo, Home kwa Home kapena Pro kwa Pro, vutoli limatha popanda kufufuta kanthu.

Sitikukana kuti kuika Windows yatsopano kuli ndi nthawi yake. Ngati disiki yadzala mavairasi, ngati mukugulitsa makina, kapena ngati madiraiva akale akulimbana ndi atsopano, kuyambiranso n'kwanzeru. Microsoft idaleka kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo wofuna Windows 11 ayenera kukhala ndi makina a TPM 2.0. Koma chimenecho ndi chisankho cha mwini, chochitika mafayilo atakopedwa kale pa disiki ina.

Safunsa adadya phula. Wokonza akati tifomate, mufunseni ngati wayesa kuyatsa makinawo, ngati wayang'ana mu BIOS, ndiponso ngati mafayilo anu wawakopera pena. Ngati sanachite zitatuzi, tengani SSD yanu muzipita.