Okwera njinga m'phiri, madzi saiwala khwawa

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo za masewero amene afika kuno kwathu m'munsi mwa phiri la Zomba. Achinyamata ena a m'tauni pamodzi ndi alendo akumakwera phiri ndi njinga zakapalasa za matayala akuluakulu, kenaka n'kumatsetsereka nazo pa liwiro loopsa kudutsa m'nkhalango. Anyamata a m'midzi nawo atengera, moti ena ayamba kulambula tinjira tawotawo ndi makasu.

Ine sindikudana nawo masewerowa ayi. Ku Luwawa, m'mapiri a Viphya, mipikisano ya njinga za m'phiri yakhala ikukopa alendo. Mnyamata amene watha tsiku akupalasa njinga aposa uja wotha tsiku pa kachasu. Chimene chandinyamulitsa cholembera ndi kalambulidwe ka njirazo.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga wamkazi akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu anangomva chiphokoso kumbuyo. Anadziponya patchire, njinga n'kudutsa ngati mphezi. Anasupuka bondo, koma wokwerayo sanaime n'komwe kuti apepese. Nditapita kukaona malowo ndinapeza kanjira katsopano kolunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi, kodzalowa m'njira ya anthu pamalo pokhota. Mvula ziwiri zokha zinali zitakumba kale kachigwembe kofika m'mawondo.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Zaka zonse zimene ndinali pasukulu tinkaphunzitsa ana kuti mizere ya m'munda wa pamtsetse iyenera kupingasa, ndipo alangizi a zaulimi akhala akutiuza za akalozera ndi udzu wa vetiva. Njira ya njinga nayonso ndi chimodzimodzi. Ikalunjika kumunsi imasanduka ngalande, ndipo tayala la kumbuyo likamakwekwereza pomanga mabuleki limafukula dothi loti mvula ikokolole. Odziwa ntchitoyi amati njira yabwino imayenda mopingasa phiri ndi kumakhotakhota, ndipo pa mapazi khumi alionse isamatsike kuposa phazi limodzi, kupatula apo ndi apo. Amaipendeketsa pang'ono cha kunja kuti madzi aziwoloka osati kuitsata, amaika mokwera pang'ono pafupipafupi kuti madzi azipatuka, ndipo pa zithaphwi amayala miyala.

Ife a kuno phiri timaliopa pa zifukwa zomveka. Makolo athu anatisimbira za napolo wa ku Zomba wa 1946. Tikukumbuka wa ku Phalombe mu 1991, komanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 amene anagumula phiri la Soche n'kukwirira abale athu ku Chilobwe. Sindikunena kuti njinga ingagwetse phiri, koma phiri limene tadula kale mitengo silifunika kulitemanso mabala ena. Tisaiwalenso kuti madzi amene mzinda wa Zomba umamwa amachokera pamwamba pomwepo, ku damu la Mulunguzi.

Tsono pempho langa ndi ili. Poyamba, aliyense wofuna kulambula njira ayambe wagwada kwa amfumu ndi komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzi, ndipo ngati ndi m'nkhalango ya boma akapemphe chilolezo ku nthambi ya zankhalango, pakuti lamulo la zankhalango la 1997 lilipo. Amfumu ndiwo adziwa pamene pali manda ndi akasupe. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, njira ya njinga isiyane ndi njira ya amayi otola nkhuni, ana asukulu ndi anthu opita kutchalitchi. Pamene ziwirizi zikumana pakhale poonekera patali, paikidwe chikwangwani, ndipo wanjinga ndiye aziima.

Chachitatu, ntchito yolambula ndi kukonza njira mvula ikatha ipatsidwe kwa anyamata a m'midzi yozungulira, ndipo azilipidwa. Iwo ndiwo angamalondolerenso alendo. Munthu sawononga chimene chikumudyetsa.

Kwa makolo anzanga ndikuti njinga yonyamulira makala kapena ya kabaza si yotsikira phiri. Mabuleki ake sangapirire, ndipo mwana wopanda chipewa choteteza mutu akagwa pamwala, ndi maliro amenewo. Abusa ndi ansembe athu, chonde tithandizeni kulengeza zimenezi pa Sabata, popeza mawu anu amafika kumene nyuzipepala siifika.

Phirili tinalipeza ndipo tidzalisiya. Achinyamata seweranipo ndithu, koma tikhale pansi kaye tigwirizane podutsa mvula ya chaka chino isanatisankhire.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Zomba.