Galimoto yakumwa mafuta: kugulitsa kapena kupirira?

Kumapeto kwa chaka cha 2024, mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta mumzinda wa Lilongwe inkatalika mpaka kutsekereza misewu. Ena ankagona m'magalimoto momwemo, ena ankasiya galimoto pamzere m'manja mwa mnyamata n'kuthamangira kuntchito pa kabaza. Munthu akakhala maola asanu akudikira, kenaka n'kuona kagalimoto kakang'ono kakuthira malita 20 okha, mwini wake n'kumanena kuti amenewo amufikitsa sabata ziwiri, amatembenuka n'kuyang'ana galimoto yake ndi diso lachilendo.

Pakati pa anthu otere pangapezeke mayi ogwira ntchito ku City Centre, okhala ku Area 49, amene anagula galimoto yaikulu chaka chimodzi ndi theka m'mbuyomo. Galimotoyo ikadali yonyezimira, sinavutepo, ndipo ngongole ya kubanki imene anaigulira sinathe. Vuto lake ndi limodzi: imamwa. Anzawo kuntchito akuwauza kuti aigulitse msanga, agule Toyota Aqua kapena Honda Fit ya hybrid. Amuna awo akuti ayambe adekha. Funso la mayiwa lili m'mitima ya eni magalimoto ambiri ku Blantyre, Chipata, Lusaka ndi Harare: kodi n'kwanzeru kutaya galimoto yomwe ikadali yatsopano pofuna yosamwa mafuta?

Nkhawa yawo ili ndi maziko. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi mayiko opanda doko la panyanja yamchere, choncho mafuta awo amadutsa pa madoko a mayiko ena monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Zambia imalandira dizilo kudzera m'paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, Zimbabwe ili ndi paipi yochokera ku Beira, pamene Malawi amadalira kwambiri matankala apamsewu. Mafuta onsewa amagulidwa ndi dola. Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwezi womwewo bungwe la MERA linakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita. Mu Okutobala 2025 mtengo unafika pa K3,499, ndipo unakweranso kumayambiriro kwa 2026. Ku Zambia boma linachotsa thandizo lotsitsa mtengo wa mafuta mu Disembala 2021. Palibe wanzeru amene angayembekezere kuti mafuta adzabwerera pa mitengo yakale.

Komabe mkwiyo wapamzere si mlangizi wabwino. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nkhani yosintha galimoto ndi ya masamu, ndipo masamuwo amafuna manambala atatu amene mwini galimoto angathe kuwapeza yekha.

Nambala yoyamba ndi makilomita amene munthu amayenda pachaka. Ambiri saidziwa, ngakhale kuti mita ya galimoto imawerengera tsiku ndi tsiku. Yachiwiri ndi malita amene galimoto imamwa pa makilomita 100 alionse. Kuidziwa n'kosavuta: kudzadza thanki, kulemba makilomita, kuyenda monga mwa masiku onse, kudzadzanso, n'kugawa malita othirawo ndi mtunda woyendedwa, kenaka n'kuchulukitsa ndi 100. Manambala olembedwa pa malonda a magalimoto amachokera ku mayeso a m'mafakitale, kumene kulibe maenje, fumbi kapena thumba la chimanga kumbuyo, choncho ndi bwino kufunsa munthu amene akuyendetsa kale galimoto ya mtunduwo m'misewu yomweyo. Nambala yachitatu, imene ambiri amaiwala, ndi ndalama zonse zimene zidzatuluke m'thumba pa kusinthako.

Pa nambala yachiwiriyi pali msampha. Anthu anazolowera kufunsa kuti galimoto imayenda makilomita angati pa lita, ndipo kawerengedwe kameneka kamanyenga. Galimoto yoyenda makilomita 8 pa lita imamwa malita 12.5 pa makilomita 100. Yoyenda makilomita 10 pa lita imamwa malita 10. Kusiyana kwa makilomita awiri okha kwapulumutsa malita 2.5. Koma kuchoka pa makilomita 20 kufika pa 25 pa lita, komwe kumamveka ngati phindu lalikulu, kumapulumutsa lita imodzi yokha pa mtunda womwewo. Tanthauzo lake n'lakuti phindu lenileni lili pochoka pa galimoto yakumwa kwambiri. Amene ali kale ndi kagalimoto kakang'ono ka injini yochepa sapindula kwenikweni akathamangira hybrid.

Chitsanzo cha manambala ongoyerekeza chingathandize. Galimoto ya mayi aja imamwa malita 10 pa makilomita 100, ndipo hybrid imene akuisirira imamwa malita 5. Ulendo wa kuntchito, kusukulu ya ana, kutchalitchi, kuphatikizapo maulendo angapo a kumudzi, umakwana makilomita 12,000 pachaka. Ndiye kuti panopa amathira malita 1,200, ndipo atasintha azithira 600. Apulumutsa malita 600 pachaka, omwe pa mtengo wa Okutobala 2025 uja ndi pafupifupi K2.1 miliyoni. Ndalama zimenezi si zochepa. Koma ngati kusinthako kuwadyera K8 miliyoni, padzapita zaka pafupifupi zinayi asanabweze ndalama zawo. Zaka zinayi zonsezo akhala akulipira kusinthako, osati kusunga kanthu.

Manambala omwewo akaperekedwa kwa woyendetsa takisi amene amayenda makilomita 40,000 pachaka, yankho limatembenuka. Iye apulumutsa malita 2,000, pafupifupi K7 miliyoni pachaka, ndipo K8 miliyoni ija ibwerera m'miyezi 14. Magalimoto ndi omwewo, mtengo wa mafuta ndi womwewo, koma wina wapindula pamene wina wadzimangirira. Chasiyanitsa ndi mtunda. Mtengo wa lita ukakwera, zaka zodikira zimachepa kwa onse awiri, koma mitengo ya magalimoto osamwa mafuta imakweranso nthawi yomweyo, chifukwa aliyense amakhala akuwafuna, pamene ya magalimoto akumwa imafooka. Wogulitsa pa nthawi ya mizere amagulitsa motchipa n'kugula modula.

Kodi K8 miliyoni yotere imachokera kuti? Galimoto imatsika mtengo mofulumira m'zaka zake zoyambirira kusiyana ndi zaka zotsatira. Amene wagula n'kugulitsa patangotha chaka ndi theka wanyamula gawo lolemera la kutsikako, n'kusiyira wogula zaka zabwino za galimotoyo. Pamwamba pake pali cholowa cha madobadoba ofunafuna wogula, ndalama zosinthira umwini ku ofesi yoona za pamsewu, inshuwaransi yatsopano, ndipo kwa woitanitsa kunja pali mtengo wa sitima, woyendetsa kuchokera ku doko ndi msonkho wa pachipata, kaya ndi wa MRA, ZRA kapena ZIMRA. Ngati ngongole yoyamba sinathe, iyenera kutsekedwa, ndipo yatsopano imabwera ndi chiwongoladzanja chake. Zonsezi zikalembedwa pa pepala limodzi, nambala yake imadzidzimutsa.

M'dziko limene ndalama ikugwa mphamvu muli chinyengo china. Munthu amene anagula galimoto kwacha isanatsitsidwe mu 2023 angathe kuigulitsa pa makwacha ochuluka kuposa amene anaigulira, n'kumadziona ngati wapindula. Sanapindule. Galimoto imene akufuna kugula yakweranso, kawirikawiri kuposa yake, chifukwa oitanitsa magalimoto amawerengera dola, ndipo dola ikasowa kubanki amaipeza pamsika wamseri pa mtengo wokwera kwambiri. Funso loyenera si lakuti galimotoyo anaigula zingati. Ndi lakuti akaigulitsa lero, n'kugula inayo lero, atsala ndi zingati kapena awonjezera zingati.

Hybrid payokha ndi luso labwino, ndipo si lachilendo. Toyota Prius inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, ndipo Aqua inatuluka mu 2011. Galimoto yotere ili ndi injini ya petulo ndi mota yamagetsi zothandizana. Batire yake imadzaza yokha galimoto ikamayenda komanso dalaivala akamagwira mabuleki, kotero kuthimathima kwa magetsi sikuikhudza. Imapulumutsa kwambiri m'tauni, poima ndi kunyamuka, chifukwa injini imazima galimoto ikaima. Pa msewu wautali ngati wa M1, kumene injini imagwira ntchito nthawi zonse, kusiyana kwake ndi kagalimoto wamba ka petulo kumachepa.

Koma walira mvula walira matope. Ma hybrid ambiri ofika m'chigawo chino ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan kwa zaka zambiri. Zimbabwe inafika poika lamulo mu 2021 loletsa kuitanitsa magalimoto opitirira zaka 10. Batire yaikulu ija imakalamba, ndipo kutentha ndi fumbi lotseka kafani koiziziritsa zimafulumizitsa ukalambawo. Kuisintha n'kodula, ndipo si makaniko aliyense wapansi pa mtengo amene angaikhudze: pamafunika makina oyezera komanso munthu wodziwa za magetsi amphamvu. Wokhala ku Lilongwe kapena Lusaka angampeze. Wokhala kutali ndi mizinda ayambe wafunsa. Mita ya makilomita nayo imatha kubwezedwa m'mbuyo ndi ogulitsa osakhulupirika. Ndiponso magalimoto ang'onoang'onowa ndi ofupika pansi. Mayi aja akakumbukira msewu wa kumudzi kwawo mu Febuluwale, akumbukiranso chimene anagulira galimoto yaikulu. Akasintha, ndiye kuti apereka galimoto imene akuidziwa mbiri yake yonse n'kulandira ina yakale kuposa yawo, imene sakudziwa kumene yadutsa.

Pali mfundo imodzi yolimba kumbali ya osinthawo, ndipo siyenera kunyozedwa. Mafuta akasowa, vuto silikhala mtengo wokha. Malo omwetsera akamapereka malita 20 pa galimoto iliyonse, hybrid ija iyenda makilomita 400 pamene galimoto yaikulu iyenda 200. Kupulumutsa malita 600 pachaka ndi chimodzimodzi kupewa maulendo 30 otere a pamzere, kapena kupewa mafuta a m'zigubu amene amadula ndipo nthawi zina amakhala osakaniza. Kwa namwino woitanidwa usiku, kapena wabizinesi amene katundu wake amawola galimoto ikaima, nthawi imeneyi ndi ndalama, ndipo iyenera kulowa m'masamu. Chofunika n'chakuti ilowe ngati nambala, osati ngati mkwiyo.

Ena amasintha poganizira chilengedwe. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a mpweya wa carbon dioxide, choncho malita 600 ndi pafupifupi matani 1.4 pachaka. Cholinga n'chabwino. Koma galimoto yogulitsidwayo sifa. Wina aziyendetsa m'misewu yomweyo, mwina mtunda wautali kuposa poyamba. Utsi umachepa zedi pamene malita otenthedwa achepa, osati pamene makiyi asintha manja.

Apa ndi pamene pali njira yachitatu, yomwe sifuna ngongole. Matayala osakwana mpweya amawonjezera kamwedwe ka mafuta, ndipo kuwapopa n'kwa mphindi zochepa. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo pa liwiro la makilomita 120 pa ola ndi yamphamvu ndi pafupifupi 80 peresenti kuposa pa 90, choncho phazi lopepuka pa ulendo wa ku Blantyre limaoneka pa thanki. Injini yolira galimoto itaima pageti la sukulu imamwa popanda kuyenda ngakhale mita imodzi. Katundu wongokhala m'buti, keriyala ya padenga yopanda ntchito ndi sefa ya mpweya yodzadza fumbi zonse zimadya. Koposa zonse, anthu oyandikana nyumba amene amagwira ntchito dera limodzi akagwirizana zonyamulana, munthu n'kusiya galimoto pakhomo masiku awiri pa asanu, mafuta a ulendo wa kuntchito amatsika ndi 40 peresenti popanda kugulitsa kanthu. Mabungwe amene amatuma galimoto yaikulu ya kumidzi kukasiya kalata m'tauni angaphunzirepo kanthu.

Yankho lake silofanana kwa onse, koma njira yolipezera ndi imodzi. Woyenda mtunda wautali m'tauni, amene galimoto yake imamwa kwambiri, amene alibe ngongole yolemera ndipo ali ndi makaniko wodziwa hybrid pafupi, ali ndi zifukwa zokwanira zosinthira. Woyenda pang'ono, amene galimoto yake ikadali yatsopano ndipo ngongole ikadalipo, kawirikawiri amapindula akaisunga mpaka nthawi yake yosinthira itakwana, ndipo pa nthawiyo asankhe yosamwa mafuta.

Kwa mayi a ku Area 49 aja, choyamba kugula si galimoto ina koma kabuku kakang'ono kosunga m'galimoto. Alembe malita ndi makilomita kwa miyezi itatu, afunse ogula awiri kapena atatu mtengo weniweni wa galimoto yawo, afunse kubanki ngongole yotsala, apite ndi makaniko kukayeza batire ya galimoto imene akuisirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati manambala aonetsa kuti ndalama zibwerera m'chaka chimodzi kapena ziwiri, asinthe ndi mtima umodzi. Ngati aonetsa zaka zinayi kapena zisanu, apope matayala, agwirizane ndi aneba awo za ulendo wa m'mawa, ndipo amalize kaye ngongole.