Giza ya Dzuwa: Funsani Musanagule

LUSAKA - Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, kampani ya ZESCO inafika pozimitsa malaiti kwa maola oposa 17 pa tsiku. Magiza anazizira kucokera ku Kabulonga ndi Woodlands mpaka ku Kabwata ndi Chelstone, ndipo mabanja ambiri anabwerera ku mbaula. Ena anaona kuti yankho ndi giza ya dzuwa.

Koma pali vuto. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu, motero madzi a m'zitsime akatentha amasiya zoyera zokakamira, monga timaonera m'ketulo. Zimenezi zimatseka timapaipi tating'ono ta padenga.

Mtundu wina wa giza umacepetsa vutoli. Madzi apadera amatenthedwa padenga, nayenda m'paipi ya kopa yokulungidwa mkati mwa thanki. Kutentha kumadutsa pa kopa kulowa m'madzi osamba, koma madzi awiriwa sasakanikirana, ndipo timapaipi tija sititsekeka.

Mtengo wake ndi wokwererapo. Komabe amene akumwa madzi a pacitsime afunse wogulitsa za mtundu umenewu, cifukwa giza yochipa ikatsekeka msanga, ndalama zimalowa m'madzi.