Za notisi: lekani kunamiza ana kuti athawe ntchito usiku

Akuluakulu, amayi ndi abambo a geni ya m'maboda, takhala chete mokwanira. Lero tiyankhulepo, wokwiya akwiye.

Masiku apitawa mwana wina wamkazi anafunsa muno mwaulemu wake. Akugwira ntchito m'shopu ya zovala m'tauni muno mwa Bulawayo, chino ndi chaka chachitatu, wasunga kampamba kake, ndipo akufuna ayambe kuoda katundu ku Musina nyengo ya Khirisimasi isanadutse. Funso lake linali limodzi: agwire notisi kapena angochoka? Mayankho amene tinawerenga anatichititsa manyazi. "Landira ya mwezi uno, chotsa simu, kwera basi." "Bwana si m'bale wako." "Notisi ndi ya anthu a m'maofesi." Ena mwa oyankhawo ndi anthu aimvi, oti mwanayo angawatche malume. Ndipo ena ndi omwe aja amalira muno mwezi ndi mwezi kuti mtsikana wogulitsa patebulo pawo wawathawa osatsanzika katundu ali m'njira.

Ife tikuti mwanawe, gwira notisi. Ikakhala yaitali kaipemphe ifupike, koma usathawe.

Tiyambe ndi lamulo, poti ambiri timayankha za kuno ndi nzeru za kumudzi. Ku Malawi munthu wolandira pamwezi amapereka notisi ya mwezi umodzi. Ku South Africa ukagwira chaka kapena kuposa ndi masabata 4. Kuno ku Zimbabwe n'zosiyana. Labour Act, gawo 12, imati amene analembedwa ntchito yopanda malire a nthawi, kapena ya kontirakiti ya zaka ziwiri kupita m'tsogolo, notisi yake ndi miyezi 3. Kontirakiti ya chaka koma yosafika zaka ziwiri ndi miyezi 2. Ya miyezi 6 koma yosafika chaka ndi mwezi umodzi. Ya miyezi 3 mpaka pansi pa 6 ndi masabata awiri, waganyu ndi tsiku limodzi. Miyezi itatu ndi yambiri, tikuvomera. Koma gawo lomwelo limalola kuti bwana ndi wantchito agwirizane kuichotsa notisiyo. Nanga bwanji m'malo momuuza mwana kuti akakambirane, tikumuuza kuti azimitse foni?

Lamulolo limanenanso kuti wosiya ntchito alandire zake zonse, kuphatikizapo masiku a tchuthi amene sanatenge. Kuno tchuthi chimakwana masiku 30 pachaka, ndipo chimatha kuunjikana mpaka 90. Mwana woti wagwira zaka zitatu osapumapo bwinobwino ali ndi ndalama m'manja mwa bwana zimene mwina zikuposa mpamba wake wonse. Akathawa, bwana amazigwira n'kunena kuti zalowa m'malo mwa notisi. Kaya akulondola kaya akuba, iweyo uli pa mzere ku Beitbridge, ukazitsatira liti? Ndipo ukakafika ku ofesi ya zantchito kukadandaula, funso loyamba lidzakhala lakuti unachoka bwanji.

Koma tisabisale kumbuyo kwa lamulo. Chachikulu n'chakuti geni yathuyi imayenda ndi dzina. Sitilemberana mapepala ife. Malayitsha amanyamula katundu wako wa marandi zikwizikwi kuchoka ku Johannesburg pa mawu apakamwa. Mayi wa ku Francistown amakupatsa mabokosi kuti udzalipire ulendo wotsatira chifukwa wina anamuuza kuti uyu sathawa. Chipereganyu ulowa pokhapokha wina akuikire umboni. Ndiye munthu ayambe geni yotereyi ndi mbiri yoti anasowa usiku wa tsiku la malipiro makiyi a shopu ali m'chikwama? Bulawayo ndi mudzi, abale. Nkhani ikachitika pa Fort Street m'mawa, madzulo yafika ku Renkini, mawa lake ikukambidwa pamaliro ku Pumula. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Sitikunena zongomva. Mwana wa achemwali athu ankagwira ntchito pa hadiweya ina m'tauni muno, zaka zinayi, mpaka bwana ankamusiyira kabati ya ndalama. Anzake anamutenthetsa mutu ndi nkhani ya masola ndi mabatire. Analandira malipiro Lachisanu, Loweruka anali ku Musina, ife osatiuza. Ulendo woyamba sanadziwe kuti msonkho paboda ungamudye bwanji, anakongola kwa munthu wa katapila kuti katundu atuluke. Ulendo wachiwiri mabatire ena anafika akufa. Pofika mwezi wa February mpamba unali utatha. Chomvetsa chisoni n'chakuti katundu amene anatsala naye, wogula wake weniweni anali bwana yemwe uja, poti hadiweya ndi imene imagulitsa zinthu zoterozo. Sakanatha ngakhale kudutsa pakhomopo. Atakafunsira ntchito kwina ku Belmont, anamufunsa kumene ankagwira kale, anaimba foni ali pomwepo, nkhani inathera pompo. Mwanayu sanabe ngakhale senti. Koma kwa bwana, wothawa ndi wakuba ndi amodzi, ndipo anzake a shopu zoyandikana anamva choncho.

Sizinathere pa iye yekha. Pa hadiweya ija panali mnyamata wina wa kwathu amene amayembekezera kulembedwa. Anamubweza. Bwana akuti "anthu a ku Malawi ndatopa nawo". N'kulakwa kuweruza fuko lonse chifukwa cha mwana mmodzi, inde, koma nsomba ikaola imodzi mukudziwa zimene amanena za dengu lonse. Agogo athu anabwera wapansi kuchokera ku Nyasaland, nagwira ntchito ku njanji, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, nakhala ku Sizinda ndi ku Makokoba. Chimene anatisiyira si nyumba kapena ng'ombe, ndi mbiri yoti Mmalawi ungamusiyire makiyi. Tikuidya mbiri imeneyi ngati mbewu ya chaka chamawa.

Agogo omwewo ankathawadi ntchito usiku, tisaiwale. Nthawi ya atsamunda, pansi pa lamulo la Masters and Servants la 1901, kusiya ntchito bwana asanalole unali mlandu wa kupolisi, ndiye munthu akatopa ndi chibalo njira inali ya kutchire basi. Iwo tikuwamvetsa, analibe khomo. Lero khomo lilipo, ndi pepala limodzi ndi cholembera. Wotulukira pawindo khomo lili lotsegula akufuna anthu amuyese chiyani?

Tsopano tiwayankhe otsutsa, poti mfundo zawo zina n'zoona.

Akuti mabwana a kuno alibe chisoni, bwanji ife tiwachitire ulemu? Tikukumbuka bwino 17 July 2015, pamene Supreme Court inagamula mlandu wa Zuva Petroleum kuti bwana angathe kuchotsa munthu pongomupatsa notisi ya miyezi itatu. M'masabata ochepa anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, mpaka Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo mu August chaka chomwecho. Ambiri mwa ife tinalowa geni ya m'maboda chifukwa mafakitale a ku Belmont anatseka, ena n'kusanduka matchalitchi. Mkwiyo umenewo tili nawo tonse. Koma notisi sugwirira bwana. Umagwirira ndalama zako za tchuthi, kalata yako ya umboni, ndi khomo loti udzagogode zikakuvuta. Kuthawa sikumulanga bwana. Iye Lolemba alemba wina, anthu ofuna ntchito ali mbwee pageti. Wolangika ndi mnzako wa pakauntala amene agwire ntchito ya anthu awiri, ndi iwe mwini.

Akuti nyengo ya December sidikira munthu. Zoona. Ndiye notisi ukanapereka mu September. Ngati wachedwa, pita kwa bwana maso ndi maso, umuuze kuti ndikupempha ndigwire mwezi umodzi, ndiphunzitse wolowa m'malo mwanga, masiku otsalawo muchotse pa tchuthi changa. Mabwana ambiri amavomera, chifukwa palibe amene amafuna kusunga pakabati munthu amene mtima wake uli kale ku Musina. Akavomera, zilembedwe ndipo asayine. Ndiponso Khirisimasi imabwera chaka chilichonse. Munthu woyamba kumene amene akuponya mpamba wake wonse pa mzere wa Beitbridge mu December, mitengo ya mabasi itakwera, malayitsha atadzaza, nthawi zambiri amakaphunzira ndi misozi. Kuthamanga si kufika.

Miyezi ya notisiyo ndi sukulu yaulere, malipiro akubwerabe. Konza pasipoti. Loweruka lina kwera ndi mayi wodziwa njira, mudutse pa Plumtree, pamtunda wa makilomita 100 okha kuchoka muno, mukafike ku Francistown ndi kandalama kochepa. Uone mmene amalembera katundu pa fomu, mmene a ZIMRA amawerengera msonkho, zimene zimayenda msanga patebulo ndi zimene zimagona. Ukaluza pa ulendo umenewo, kumapeto kwa mwezi ulandira. Ukaluza utathawa ntchito, ulandira kwa ndani?

Pali pamene ifenso tinganene kuti choka lero. Bwana amene sanakulipire miyezi iwiri itatu waphwanya yekha pangano, sungamugwirire miyezi ina itatu yaulere. Bwana wokugwiragwira thupi, wokumenya, wokulanda pasipoti, usamudikire. Koma ngakhale pamenepo siya kalata yonena chifukwa chake, sunga kope lake, makiyi upereke pamaso pa mboni. Mwana anafunsa uja sananene zoterezi. Anati bwana wake amalipira pa nthawi, kungoti ndalama n'zochepa.

Tisanatseke, tidziloze tokha chala. Ife a matebulo pa 5th Avenue ndi mashopu ang'onoang'ono, ndi angati timapereka notisi kwa ana otigulitsira? Geni ikagwa mu January timangoti "usabwere mawa", popanda ngakhale ya kombi. Tikakhala ku Johannesburg sabata yathunthu mwana akudya ndalama zake, pobwera timawerenga katundu ngati tagwira mbava. Kenako akatithawa tithamangire muno kudzalemba kuti ana a masiku ano ndi osakhulupirika. Anaphunzira kwa ndani? Amene akufuna kutsanzikidwa ayambe iye kutsanzika. Mwezi umodzi, kapena malipiro ake m'malo mwake, si zoti zingagwetse geni ya munthu woyenda maulendo awiri pamwezi.

Mwanawe, kalatayo isakuopse. Tsiku pamwamba, dzina la bwana, mizere itatu: ndikusiya ntchito, tsiku langa lomaliza ndi lakuti, ndikupempha malipiro anga, masiku anga a tchuthi ndi kalata ya umboni. Ulembe ziwiri, asayine zonse, imodzi upite nayo kunyumba. Za geni yako usafotokoze zambiri kuntchito, ndipo makasitomala a bwana usayambe kuwanong'oneza uli m'shopu mwake. Tsiku lomaliza muwerengere limodzi katundu, makiyi upereke m'manja.

Mwana wa achemwali uja tinamuperekeza tokha kwa bwana wake wakale mwezi wathawu, ife ndi mkulu wina wa kumpingo, kukapepesa. Anatisiya chiimire panja pafupifupi ola lathunthu. Ntchito anakana kumubwezera, ndalama za tchuthi sanazitchule n'komwe. Anangolola kuti alemba kalata yoti mwanayo anagwira zaka zinayi ndipo palibe chinasowa. Tikaitenga Lachiwiri.